Canio Wasiya Jekete Pampando

Anthu makumi anayi ndi awiri a ku Castelvaglio, kamudzi ka pamwamba pa phiri ku Basilicata, kumwera kwa Italy, anafika ku Bologna pa basi imodzi kudzaona mzinda ndi kudzadya bwino, monga amachitira chaka ndi chaka akamaliza kuthyola mphesa. Onsewo anabwera kudzasangalala, kupatula Incoronata. Iyeyu anabwera kudzalondera mwamuna wake.

Canio, mwamuna wakeyo, anali kalipentala wopuma ntchito, wamtali, wowonda, waulemu. Zitseko zambiri za ku Castelvaglio anapala ndi iye. Koma kwa chaka ndi theka tsopano mutu wake unali kutaya zinthu. Zinayamba pang'onopang'ono: makiyi m'firiji, nsapato mu uvuni. Kenako tsiku lina anaima pabwalo la nyumba yake yomwe n'kufunsa mkazi wake njira yopitira kwawo. Dokotala wa ku Potenza anatchula dzina la matendawo n'kulilemba papepala. Incoronata anapinda pepalalo, analiika pansi pa nsalu zoyala pabedi, ndipo sanauze munthu, ngakhale ana awo a ku Torino. Ku Castelvaglio matenda a mwendo kapena a mtima munthu amawafotokoza pabwalo la tchalitchi, anzake akugwedeza mutu. Matenda a m'mutu amakhala kuseri kwa chitseko.

Nanga anabwereranji naye ku mzinda waukulu chonchi? Chifukwa m'zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sanaphonyepo ulendowu, ndipo kuuphonya kukanakhala kuitana mafunso. Chomwe anachita n'kusokerera kansalu m'kati mwa jekete la bulawuni la Canio, n'kulembapo dzina lake, dzina la mudzi ndi nambala ya foni yake ya iye mwini. Ndiye anamugwira mkono kuyambira pokwera basi.

M'mawa wa tsiku lachiwiri anayenda pambuyo pa ambulera yofiira ya Gelsomina, mphunzitsi wopuma ntchito amene amakonza maulendowa ndipo amalankhula ndi nkhalamba ngati ana a sukulu. Anaona bwalo lalikulu, tchalitchi chimene kumaso kwake sikunamalizidwe, ndi chifanizo cha mwamuna wamaliseche ataima pamwamba pa kasupe atagwira mkondo wa mano atatu.

"Amayi, maso pansi!" anatero Donato, mnzake wa Canio wa paubwana, munthu wamimba yaikulu ndi mawu aakulu. "Nunziata, ndakuona. Mwamuna wako ali pompano."

"Ndikuyerekeza, Donato," anayankha Nunziata. "Ndipo nonsenu mwagwa mayeso."

Gulu lonse linafa ndi phwete. Incoronata anaseka nawo ndi milomo yokha. Nunziata ameneyu ndi amene ankamuopa koposa. Anali komare wake, ndiko kuti mayi amene anamunyamulira mwana wake woyamba pa ubatizo, ndipo chibale chimenecho kwawoko chimalemera kuposa cha magazi. Koma pakamwa pa Nunziata panali ngati belu la tchalitchi: chomwe wamva m'mawa, pofika masana mudzi wonse wamva.

Atafika pa nsanja ziwiri zakalekale zopendekeka za pakati pa mzinda, Canio anakweza mutu, anatsinzina diso limodzi monga ankachitira poyeza thabwa, n'kunena mokweza kuti, "Amene anamanga ichi sanalipidwe, ndikukhulupirira."

Anthu anasekanso, Donato anamumenya pamsana, ndipo Incoronata anapuma mpweya wautali. Mwina lero lidutsa bwino. Koma atangolowa m'makonde aatali a mzindawu, amene amatsata misewu mbali zonse, nsanamira pambuyo pa nsanamira, onse ofanana ngati obadwa kwa mayi mmodzi, Canio anawerama n'kumunong'oneza.

"Anthu onsewa ndi ndani?"

"Ndi a kwathu, iwe. Uyo ndi Donato."

"Eya, Donato." Anayang'ananso gululo. "Nanga tikupita kumaliro a ndani?"

Incoronata anamufinya mkono mpaka zala zake zinachita dzanzi.

Nthawi ya nkhomaliro Gelsomina anawalowetsa m'nyumba yodyera ya m'kamsewu kopapatiza kufupi ndi msika. Munali zipinda ziwiri, cha kukhomo ndi cha m'kati, pakati pake pali khomo lopanda chitseko. Palibe amene analamula, koma anthu anagawikana okha monga amachitira paukwati ndi pa chikondwerero chilichonse kwawo: amuna cha kukhomo, kumene angatulukeko kukasuta, akazi m'kati. Incoronata anakoka mpando pafupi ndi Canio ngati sakudziwa kanthu.

"Aaa, taonani izi!" anafuula Donato. "Zaka makumi asanu muli limodzi, simunakhutebe? Pitani kwa anzanu, mayi. Tikubwezerani wathunthu."

"Amandidulira nyama," anatero Incoronata. "Mano anga..."

"Mano anu ndikuwadziwa, komare, amaswa mtedza," anatero Nunziata, atamukola kale mkono. "Tiyeni. Asiyeni amuna anamizane okha."

Akanatani? Kukana kachiwiri kukanakhala kuulula. Anasankha mpando woyang'ana khomo lija. Kuchokera pamenepo ankaona phewa limodzi la Canio, jekete la bulawuni, pakati pa mutu wa dazi wa Donato ndi khoma. Anaganiza kuti bola phewalo likuoneka, zonse zili bwino.

Chakudya chinayamba kubwera ngati mvula. Poyamba mortadella, soseji yaikulu ya nkhumba, yodulidwa mopyapyala ngati pepala, yonunkhira, pamodzi ndi timikate tokazinga totentha. Kenako tortellini, timatumba ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama m'kati, tating'ono ngati mchombo wa khanda, tikuyandama mu msuzi woyera wa nkhuku. Akazi analawa, anayang'anizana, n'kuyamba mlandu wa chaka chilichonse.

"N'zokoma, sindikukana. Koma tsabola ali kuti?"

"Anthu a kuno amaopa tsabola ngati satana."

"Batala, batala, chilichonse batala. Mafuta a maolivi sanawamvepo?"

Mayi wina anatsegula chikwama, anatulutsa tsabola wouma wa kwawo atamukulunga m'kansalu, ndipo anayamba kuyenda m'manja pansi pa tebulo kuti woperekera zakudya asaone. Incoronata ankameza osamva kukoma. Supuni iliyonse, maso ku khomo. Phewa lilipo. Kunabwera tagliatelle, timalamba ta ufa wa tirigu tosakaniza ndi nyama yogaya, Nunziata anamuunjikira m'mbale. Phewa lilipo. Kunabwera nyama yophika ya mitundumitundu ndi msuzi wobiriwira. Amuna kunjako anayamba kuimba. Phewa lilipo, losasuntha.

Losasuntha. Mawu amenewa anamulowa pang'onopang'ono ngati madzi ozizira. Canio akamadya amawerama, amagwedeza mutu, amakweza kapu. Phewa ili silinagwedezeke kuyambira liti?

Anadzuka, mpando unakhuluzika pansi. Atafika pakhomo anaona jekete litapachikidwa bwinobwino pamsana pa mpando, mapewa ake ali chilili ngati muli munthu. Pampando panalibe munthu. M'mbale munali tagliatelle wozizira, foloko itabayidwa pakati.

"Ali kuti?"

Nyimbo inaduka. Donato sanamuyang'ane kumaso.

"Anamva kutentha, anavula jekete. Kenako anati akupita kuchimbudzi."

"Liti?"

"Ndi... pajatu tinali tisanayambe nyama."

Incoronata anathamangira kuchimbudzi, anagogoda, anakankha. Munalibe munthu. Woperekera zakudya, mayi wa tsitsi lofiira, atafunsidwa anati inde, bambo wina wamtali wa malaya oyera anatuluka kalekale, anatsanzika mwaulemu kwambiri, anakhotera kumanja. Kapena kumanzere. Papita mwina theka la ola, mwina kupitirira.

Dzina, mudzi, nambala ya foni, zonse zinali pampando paja. Amene anali mumsewu anali nkhalamba ya malaya oyera yopanda kanthu m'thumba, yosadziwa kuti ili mu mzinda uti. Koma Incoronata atatembenuka n'kuona nkhope makumi awiri za amuna zili kwa iye, pakamwa pake panatuluka zina.

"Wapita kukagula fodya. Ndikumudziwa. Idyani, ndikamutenga."

Canio anasiya fodya zaka makumi atatu zapitazo, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa.

Kunja dzuwa linali phwee pakati pa msewu, m'makonde muli mthunzi. Incoronata anakhotera kumanja. Anadutsa ogulitsa nsomba akutsuka matebulo, sitolo yolendewera miyendo ya nkhumba, ophunzira atakhala pansi akudya. Malaya oyera anali paliponse. Anathamangira ena, anagwira mkono, anali bambo wachilendo wa ndevu. "Pepani, pepani." Anafika pamphambano: khonde kutsogolo, khonde kumanja, khonde kumanzere, onse amapita kutali mpaka nsanamira kukumana. Basi yaikulu inadutsa pafupi kwambiri moti mphepo yake inamukupiza siketi. Njinga inalira belu kumbuyo kwake.

"Canio," anaitana. Koma mawu anatuluka aang'ono, a m'nyumba, oti ngakhale njiwa ya pafupi sinauluke. Ngakhale pano, pakati pa alendo, ankaopa kufuula.

Anayesa khonde lina, kenako lina. Ankamuona m'maganizo akutsika mumsewu osayang'ana, monga amachitira kwawo kumene galimoto imadutsa kamodzi pa ola ndipo woyendetsa amakudziwa dzina. Ankamuona atakwera basi ina iliyonse, atakhala pawindo mwaulemu, ikumupititsa kumene kulibe womudziwa. Ndiye chapatali kunalira ambulansi. Inayandikira, inakula, inadutsa kumapeto kwa msewu ndi magetsi ake abuluu. Incoronata anatsamira nsanamira.

"Komare."

Anali Nunziata, ali wefuwefu, kansalu kopukutira pakamwa kakadali m'manja. Anali atamutsata njira yonseyi.

"Bwererani, komare, mukadye. Ali pafupi pompano, wangopita..."

"Kukagula fodya. Ndamva." Nunziata anamugwira mapewa onse awiri. "Tamverani. Tikudziwa. Tonse. Tinadziwa chaka chatha, tsiku limene anabwera kudzakonza chitseko changa chimene anali atakonza kale dzulo lake. Ndinamuthokoza, ndinamupatsa khofi, sindinanene kanthu."

"Inu? Simunanene kanthu?"

"Ine amene. Mukuganiza kuti sizinandiwawe? Koma inu munali chete, ife tikanayamba bwanji? Donato wakhala akumuyang'anira ngati khanda kuyambira dzulo. Anamuona akudzuka, mtima unamuuza kuti amutsate. Koma mwamuna angatsate bwanji mwamuna mnzake kuchimbudzi pamaso pa anthu, mkazi wake asananene kuti pali vuto? Kukanakhala kumuvula ulemu. Ndiye anakhala, akuwerenga mphindi, akuimba nyimbo ndi mantha. Panopa onse ali m'mipando mmenemo, palibe amene akudya, akudikira inu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, komare. Nenani, tithamange. Nthawi ikupita."

Incoronata sanakumbuke mmene anabwererera. Anangopezeka ataima pakhomo lija la pakati pa zipinda ziwiri, amuna uku, akazi uku, keke ili m'mbale yosakhudzidwa.

"Canio akudwala," anatero. "Akudwala m'mutu. Amaiwala. Sadziwa kuti ali kuti, mwina ngakhale dzina lake sanena. Ndithandizeni."

Mipando inagwa. Gelsomina anali kale ndi foni kukhutu, akuuza apolisi msinkhu wa munthu ndi mtundu wa malaya, dzanja linalo likugawa anthu awiriawiri ndi ambulera. "Inu ku bwalo lalikulu. Inu ku nsanja. Inu kumsika, mulowe sitolo iliyonse. Amene miyendo ikuvuta akhale pano, mwina abwerera. Wina asasowenso, ndapota nanu!"

"Musamuitane kuti Canio," anatero Donato, akumanga lamba. "Dzina limenelo mwina sangatembenuke nalo. Muitaneni dzina la kwathu."

Ku Castelvaglio dzina la ubatizo ndi la wansembe ndi la boma. Munthu amadziwika ndi dzina limene anzake anamupatsa ali mwana, ndipo Canio, chifukwa cha kuwonda, anali Msomali.

Anthu a ku Bologna masana amenewo anaona zachilendo: nkhalamba makumi anayi zovala za Lamulungu, zina ndi ndodo, zili balalabalala m'makonde, zikufuula mawu amodzi. Makondewo ankabweza mawu, moti ankamveka kutsogolo ndi kumbuyo. Incoronata anapita ndi Donato, jekete ali nalo pachifuwa. Ulendo uno anafuula mpaka kukhosi kunawawa.

Wogulitsa nyuzipepala anati sanaone. Mayi wa galu anati mwina. Wometa tsitsi, ataima pakhomo pake, anati inde, bambo wamtali anaima apa akusisita chitseko changa, anati ndi mtengo wabwino koma mahinji ndi olakwika, kenako anapitirira uko. Analoza msewu wautali wowongoka.

"Uko kuli chiyani?" anafunsa Donato.

"Msewu waukulu wozungulira mzinda."

Donato anatukwana pansipansi. Anayamba kuthamanga, mimba ikugwedezeka, nkhope itafiira, Incoronata pambuyo pake. Foni inalira m'chikwama, anali Gelsomina: palibe kanthu ku bwalo, palibe ku nsanja, apolisi akuzungulira. Makonde anayamba kuchepa, kenako anatheratu, ndipo anatulukira poyera pamene phokoso linawamenya kumaso. Magalimoto mizere itatu kupita uku, mizere itatu kubwera uku, onse pa liwiro. Pakati pake panali kamzere kopapatiza ka mitengo.

Pamenepo ndi pamene anaima Canio. Mmene anawolokera theka loyambalo, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Anali m'mphepete mwenimweni, nsonga za nsapato zili pa phula, atafulatira iwo, manja akugwiragwira mabatani a malaya. Ankayang'ana uku ndi uku ngati mwana amene wasiyidwa pamsika.

Incoronata anatsegula pakamwa, koma Donato anamutsogolera.

"Msomali! Iwe Msomali! Ima pomwepo!"

Canio anatembenuka. Nkhope yake inawala ngati ya munthu amene wamva chinenero cha kwawo kudziko lachilendo. Ndipo anachita zomwe aliyense amachita akaitanidwa ndi mnzake: anaponda mumsewu kubwera kwa iwo.

"Ayi! Bwerera!"

Mabuleki analira. Galimoto yoyera inakhotera pambali, ina kumbuyo kwake inaliza hutala mosalekeza. Njinga yamoto inamudutsa kutsogolo pafupi kwambiri moti malaya anakupizika, woyendetsayo anapondetsa phazi pansi, anatsala pang'ono kugwa. Canio anaima pakati pa mzere wachiwiri, manja ali m'mwamba kuphimba makutu.

Incoronata sanayang'ane kumanja kapena kumanzere. Analowa mumsewu atakweza jekete m'mwamba ngati mbendera, akufuula mawu amene iye mwini sankawamva. Vani inaima chala chimodzi kuchokera pa ntchafu yake. Anafika, anamugwira lamba wa buluku, anamukoka. Donato anali atafika mbali inayo, dzanja limodzi litatambasulidwa kuletsa magalimoto, akubwezera oyendetsa matukwano awo m'chinenero cha kumapiri. Atatuwo anabwerera chammbuyo mpaka zidendene zinagunda mwala wa m'mphepete.

Anakhala pabenchi ya podikirira basi. Donato anawerama, manja pamawondo, akupuma ngati ng'ombe, misozi ikutsika osaipukuta. "Ndikanamupha ine," ankangobwereza. "Ndi pakamwa pangapa." Incoronata anaimbira Gelsomina, anangonena kuti, "Tamupeza, ali moyo," n'kudula. Kenako anayamba kumuveka Canio jekete, mkono umodzi, kenako winawo.

"Zikomo, mayi," anatero Canio. "Ndinu okoma mtima." Anamuyang'ana mwaulemu, monga ankayang'anira makasitomala. "Pepani, kodi mwamuonako mkazi wanga? Ndi wamfupi, wa tsitsi lakuda lalitali. Ndinatuluka kukamufuna. Anandisiya ndi anthu ena, ndiye sanazolowere mizinda, angasochere."

Incoronata anaima ndi batani m'zala. Kuiwala njira anali atakuzolowera, kuiwala mayina a ana. Koma kumuiwala iye mwini, uku kunali koyamba. Anayang'ana Donato, ndipo Donato ulendo uno sanathawitse maso.

"Ndamuona," anatero Incoronata. Mawu anatuluka bwinobwino, anadabwa nawo yekha. "Ali bwino. Wandituma kuti ndikuperekezeni."

"Sanakwiye?"

"Anachita mantha basi."

Chakumapeto kwa khonde kunayamba kuoneka anthu, awiriawiri, ena akutsimphina, Nunziata patsogolo atanyamula nsapato m'manja. Canio anawaona, anagwira dzanja la Incoronata mwamphamvu.

"Akubwera ambiri. Akufuna chiyani?"

"Ndi a kwathu," anatero Incoronata. "Musaope."

Anamukola mkono wamanja. Donato anadzuka, anapukuta nkhope ndi chikhatho, n'kumukola wamanzere, poyera, onse akuona. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono kukakumana nawo, magalimoto akuwomba kumbuyo kwawo.